Mau ndi Manambala pa Wailesi ya Asilikali

Phunziro la lero ndalikonzera makamaka ana a Giredi 6 ndi Giredi 7, ndipo ndipempha aphunzitsi kuti asungiretu pafupi choko, rula ndi tizitsekerero ta mabotolo tokwana 36, pakuti tidzatifuna kutsogoloku.

Inu amene mumaphunzira m'boma la Chongwe mumazidziwa ndege kuposa anzanu a ku Lundazi kapena a ku Chadiza. Zimadutsa pamwamba pa minda yanu ya chimanga m'mawa ndi madzulo, zikutsikira pa bwalo lalikulu la ndege la dziko lathu, limene lili m'boma lanu lomwelo, chapafupi ndi mseu wa Great East. Bwaloli linatsegulidwa m'chaka cha 1967, ndipo mu 2011 linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda. Pa bwalopo pali nsanja yaitali ya mazenera agalasi, ndipo m'nsanjamo mumakhala anthu amene ntchito yao ndiyo kulankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi: uyu atsike, uyo ayambe wadikira, winayo akwere ndithu.

M'mawa wa pa 19 Okutobala 1978, ine ndisanabadwe, wailesi ya m'nsanja ya pa bwalo limeneli inalandira mau a mlendo wosaitanidwa. Masiku amenewo dziko limene lero tikuti Zimbabwe linali kutchedwa Rhodesia, ndipo mtsogoleri wa boma lake anali Ian Smith. Zambia inali kusunga anthu a Joshua Nkomo amene anali kumenyera ufulu wa dziko lao, ndipo msasa wao wina unali ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Ndege zankhondo za Rhodesia zinaoloka Zambezi n'kudzaponya mabomba pa msasawo. Anthu ambiri anafa tsiku limenelo, ku Chikumbi ndiponso ku msasa wina wa ku Mkushi. Mtsogoleri wa ndegezo, Chris Dixon, amene pa wailesi anali kudzitcha Green Leader, analankhula ndi nsanja yathu. Anauza munthu wa m'nsanjamo kuti apereke uthenga kwa mkulu wa asilikali a ndege ku Mumbwa, wakuti ndege za Zambia zisanyamuke, ndi kuti imene inganyamuke idzaomberedwa. Mau akewo anajambulidwa pa tepi, ndipo pambuyo pake anaulutsidwa kuti anthu a ku Rhodesia awamve. Agogo anu akukumbukira masiku amenewo. Akukumbukiranso Novembala wa 1979, pamene asilikali a Rhodesia anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Chongwe. Mukawafunsa mwaulemu adzakusimbirani zambiri kuposa zimene ine ndingathe.

Lero sindifuna kukamba za nkhondoyo. Funso langa ndi ili: kodi mdani analowa bwanji m'wailesi yathu? Yankho lake n'lakuti sanathyole chitseko chilichonse, pakuti chitsekocho n'chotsegula dala. Ndege yochokera ku Nairobi, ku Dubai kapena ku Johannesburg iyenera kumvana ndi nsanja iliyonse imene ikuyandikira. Chifukwa cha ichi mafunde a wailesi za ndege ndi odziwika, amasindikizidwa m'mabuku a oyendetsa ndege, ndipo munthu aliyense wokhala ndi wailesi yoyenera angathe kumvetsera, ngakhale kulankhulapo kumene. Kwa ndege zonyamula anthu, kutseguka kumeneku n'kumene kumasunga miyoyo. Koma kwa msilikali amene akuuza mnzake kumene wabisala, wailesi yotseguka chotero ndi imfa.

Motero kuyambira kale asilikali akhala akufunafuna njira yobisira mau. Njira zoyamba zinali kungosokoneza mauwo, kusandutsa okwera kukhala otsika ndi otsika kukhala okwera, kuti womvetsera m'njira amve phokoso lachabe. Sizinathandize kwenikweni. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akatswiri a Germany anamanga nyumba yomvetsereramo ku Netherlands, nawongola mau osokonezedwawo, nayamba kumva zimene akuluakulu a ku London ndi a ku Washington anali kukambirana pa telefoni, ngakhale Winston Churchill ndi Franklin Roosevelt amene. Apo zinaoneka kuti mau akakhalabe mau, sabisika. Panafunika kuwasandutsa chinthu china, ndipo chinthu chimenecho ndi manambala.

Ana inu, gwirani pakhosi panu ndi zala ziwiri, ndipo nenani kuti "aaa". Mwamva kunjenjemerako? Mau ndiwo amenewo: kunjenjemera kumene kumayambira pakhosi n'kugwedeza mpweya mpaka kukafika m'khutu la mnzanu. Tsono aphunzitsi, tulutsani mwana mmodzi panja. Jambulani pa bolodi mzere wokhotakhota ngati mapiri ndi zigwa, ndipo pansi pake lembani mzere woongoka. Mzere wokhotawo ukhale chithunzi cha kunjenjemera kwa mau. Tengani rula, ndipo pa mtunda wa chikhatho chimodzi chimodzi yezani kutalika kwa phirilo kuchokera pa mzere woongoka. Ana alembe manambalawo m'mabuku mwao, monga 3, 7, 9, 8, 4, 2, 5. Mukatero fufutani mapiri aja, itanani mwana wa panja uja, m'patseni rula ndi manambalawo, kuti aike madontho nawalumikize. Mudzaona kuti mapiri amene iye sanawaone abwerera pa bolodi, osati ndendende, koma pafupifupi. Mukayeza pafupipafupi, pa chala chimodzi chimodzi m'malo mwa chikhatho, chithunzi chake chidzafanana kwambiri ndi choyamba chija.

Nzeru imeneyi anailingalira Mngelezi wina dzina lake Alec Reeves, akugwira ntchito ku Paris, cha mu 1937. Matelefoni anadzaitsata pambuyo pake motere: makina amayeza mau ka 8,000 pa sekondi imodzi, ndipo muyezo uliwonse amaulemba ndi zizindikiro zisanu ndi zitatu. Chizindikiro chilichonse chimakhala 0 kapena 1 basi, chifukwa makina amagetsi amadziwa zinthu ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima. Chizindikiro chimodzi chotere akatswiri amachitcha biti. Chulukitsani nokha 8,000 ndi 8. Mwapeza 64,000. Amenewo ndiwo mabiti amene munthu mmodzi wolankhula pa telefoni yotere amadya pa sekondi iliyonse.

Mau akasanduka manambala, kuwabisa sikuvutanso. Ngati muyezo uli 7, ndipo ine ndi mnzanga tinapangana mwachinsinsi nambala 5, ndimatumiza 12. Mnzangayo amachotsa 5 napeza 7, pamene womvetsera m'njira amangotsala ndi 12 wosadziwika tanthauzo. Muyezo wotsatira umaonjezeredwa nambala ina yachinsinsi, wotsatiranso ina, osabwereza. Makina oyamba kubisa mau mwa njira ya manambala anamangidwa ndi Bell Laboratories ku America, anatchedwa SIGSALY, ndipo anayamba ntchito mu 1943. Manambala ake achinsinsi anali kusungidwa pa mbale za galamafoni, ziwiri zofanana, ina kuno ina tsidya la nyanja, ndipo zikagwira ntchito kamodzi zinali kuonongedwa. Makina a mbali imodzi yokha anali kulemera matani oposa 50. A ku London anaikidwa m'chipinda chapansi cha sitolo yaikulu ya Selfridges. Lero ntchito yomweyo imagwiridwa ndi kachipangizo kosaposa chikhadabo chanu.

Koma pali vuto. Mabiti 64,000 pa sekondi amafuna njira yotakata, monga mseu wa Great East umene malori awiri amapambanapo. Wailesi imene msilikali amabereka kumbuyo, yodalira batire, yolankhula kudutsa m'nkhalango ndi m'mapiri, ili ngati kanjira ka mbuzi. Katundu yense uja sangadutsepo. Anthu anayenera kupeza njira zochepetsera mtolowo, ndipo ndikuuzani ziwiri.

Yoyamba ndi iyi. M'malo monena kutalika kwa phiri pa muyezo uliwonse, makina amangonena mau amodzi: "kwera" kapena "tsika". Kwera ndi 1, tsika ndi 0, ndiye kuti muyezo uliwonse umadya biti imodzi m'malo mwa zisanu ndi zitatu. Yesani pa bolodi: mwana mmodzi ayang'ane mzere wokhota nafuule kuti kwera, kwera, kwera, tsika, ndipo mnzake wofulatira ajambule masitepe monga akumvera. Njira imeneyi m'Chingelezi imafupikitsidwa kuti CVSD, ndipo magulu ankhondo a maiko a NATO anaigwiritsa ntchito kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1970, pa mabiti 16,000 kapena 32,000 pa sekondi. Ubwino wake ngwakuti biti imodzi ikalakwika, sitepe imodzi yokha ndiyo imapotoka. Kuipa kwake mukuona nokha pa bolodi: phiri likakwera mwadzidzidzi ngati khoma, wojambula masitepe amatsalira m'mbuyo. Makinawa anaphunzitsidwa kutalikitsa mwendo akamva "kwera" kangapo motsatizana, komabe amazindikira mochedwa, phiri litayamba kale kuwasiya.

Njira yachiwiri ndi yodabwitsa koposa. Tiyerekeze kuti kuli gule ku mudzi wa tsidya lino la mtsinje, ndipo a tsidya lija akufuna kumva ng'oma zake, koma kulira kwake sikufika. Inu mungathe kuyika woimba ng'oma wina tsidya lijalo ndi ng'oma yakeyake, n'kumangomutumizira malangizo: omba pakati, omba m'mphepete, fulumira, chepetsa mphamvu. Chimene a tsidya lija adzamva si ng'oma ya kuno, koma ng'oma yao yotsanzira. Makina otchedwa vocoder amachita zomwezo ndi mau a munthu. Satumiza mauwo konse. Amamvetsera kachidutswa kakang'ono, nadzifunsa kuti: kodi pakhosi pakunjenjemera, kapena ndi mpweya chabe monga potchula "sss"? Liu ndi lokwera kapena lotsika? Ndi lamphamvu motani? Kamwa ndi lilime zaumbika bwanji? Mayankho okhawo ndiwo amatumizidwa, ndipo makina a mbali inayo, amene ali ngati khosi lopanga, amaumba mau atsopano potsata malangizowo. Homer Dudley ndiye anayamba nzeru imeneyi m'zaka za m'ma 1930, ndipo SIGSALY uja anaigwiritsa ntchito. Mtundu wina wotchedwa LPC-10, umene boma la America linaukhazikitsa mu 1984, unali kufunsa mafunsowo pafupifupi ka 44 pa sekondi, n'kumadya mabiti 2,400 okha. Gawani 64,000 ndi 2,400, muone kuti mtolo wachepa kangati. Mau ake anali kumveka ngati a chidole cholankhula, kotero kuti zimene munthu akunena zinali kumveka, koma kuzindikira kuti wolankhulayo ndani kunali kovuta. Mtundu wotchedwa MELP, wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, unakonza mauwo pa mabiti 2,400 omwewo.

Musaganize kuti izi n'za asilikali okha. Foni ya m'manja ya makolo anu ndi mdzukulu wa makina omwewa, ndipo mafoni oyamba a mtundu wa GSM anali kufinya mau kufika pa mabiti 13,000 pa sekondi. Aphunzitsi amene ali ndi mafoni awiri pafupi angachite ichi: imbiranani, foni ina muiike pafupi ndi wailesi imene ikuimba nyimbo, ndipo ana amvetsere pa inayo ali m'chipinda china. Munthu akalankhula adzamveka bwino, koma gitala ndi ng'oma zidzamveka ngati zikulira pansi pa madzi, mwina kumadukaduka. Foniyo siinaonongeke ai. Inaphunzitsidwa khosi la munthu, ndipo chilichonse chimene imamva imachiyesa munthu.

Apa tsono tafika pa mtima pa phunziro lathu. Msilikali wa masiku ano satumiza mau okha. Amatumizanso malo amene ali pa mapu, chiwerengero cha ovulala, mndandanda wa mankhwala ndi mafuta amene atsala, ngakhale zithunzi. Asilikali athu a Zambia, amene kuyambira 2015 anayamba kutumizidwa ku Central African Republic kukasunga mtendere pansi pa United Nations, amagwira ntchito kutali ndi kwao pamodzi ndi asilikali a maiko ena, ndipo ntchito yotere siyenda popanda mauthenga a mtundu umenewu. Uthenga wa manambala ndi zilembo wochokera m'kompyuta ndiwo umene akatswiri amautcha data. Funso limene linawavutitsa zaka zambiri ndi ili: ngati njira imene ilipo inamangidwira mau, kodi data ingadutsemo bwinobwino?

Pa matelefoni a waya yankho linali kachipangizo kotchedwa modemu. Modemu imatenga mabiti n'kuwasandutsa miluzu: mluzu wokwera ukhale 1, wotsika ukhale 0, ndipo mamodemu ofulumira amasinthasintha mluzuwo m'njira zina zobisika, kambirimbiri pa sekondi. Aphunzitsi achikulire akukumbukira kulira kwa makina a fakisi mu ofesi, kuja kumveka ngati mbalame ikulimbana ndi njoka. Kunali kulankhula kwa modemu kumeneko. Modemu ya mbali inayo imamvetsera miluzuyo n'kuibwezera kukhala mabiti.

Taonani tsono chimene chimachitika miluzu imeneyi ikalowa m'njira ya asilikali imene imasandutsa mau kukhala manambala. Uthenga unali manambala, modemu yausandutsa mluzu, makina a mau ayeza mluzuwo nausandutsanso manambala, mbali inayo ubwerera kukhala mluzu, ndipo potsiriza ukhala manambala kachitatu. Pa njira yotakata ya mabiti 64,000 mluzu umadutsa bwino, chifukwa muyezo wake ndi wosamalitsa. Pa njira ya kwera ndi tsika zinthu zimayamba kuvuta. Mau a munthu amakwera ndi kutsika mofatsa, ndi kupuma pakati, pamene mluzu wa modemu sutopa ndipo umatembenuka mwadzidzidzi. Wojambula masitepe uja amatsalira, ngodya za mluzu zimafufutika, ndipo modemu yolandira imayamba kuona 0 pamene panali 1. Pa mabiti 32,000 modemu yoyenda pang'onopang'ono imapulumuka ndipo yothamanga imapunthwa. Pa 16,000 mavuto amakula. Nanga pa vocoder ya 2,400? Kumeneko n'kutaya nthawi. Makinawo amafunsa mluzu kuti lilime lako lili pati, kamwa lako laumbika bwanji, ndipo popeza mluzu wa modemu ulibe lilime, amangopeka yankho. Chimene chimatuluka mbali inayo ndi phokoso lofanana ndi mluzu, koma uthenga wathawamo.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji kuzungulira chotero? Chifukwa chake n'chakuti njira za mauthenga sizimangidwa tsiku limodzi. Gulu lina lili ndi makina akale, lina atsopano, dziko ili linagula kwina, ilo kwina, ndipo nthawi zambiri khomo lokhalo limene onse ali nalo ndi la mau. Choipa china n'chakuti uthenga ungadutse m'njira zitatu kapena zinai zolumikizana, wailesi, waya, wailesinso, ndipo pa mphambano iliyonse pamene usandutsidwa mluzu n'kuyezedwanso, umatayapo kanthu. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Makina naonso amatero.

Koma bwanji njira yomweyo imene yaononga manambala imaoneka yabwino kwa anthu olankhulana? Aphunzitsi, lembani pa bolodi chiganizo ichi monga chilili:

Mla_ho wa Cho_gwe wa_wa, malo_i asa_utse.

Ndikhulupirira kuti palibe mwana amene walephera kuwerenga kuti mlatho wa Chongwe wagwa, malori asadutse, chikhalirecho zilembo zisanu zasowa. Tsopano lembani nambala iyi: 4_72. Ndani angandiuze chimene chasowapo? Palibe. Chinenero chili ndi mafuta ambiri. Liu lililonse limachirikizidwa ndi anzake a kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mutu wa womvera umadzaza mipata usanazindikire n'komwe kuti panali mpata. Nambala ilibe mnzake woichitira umboni. M'chilembedwe cha makina, 5 amalembedwa 0101, ndipo 13 amalembedwa 1101. Kusiyana kwake ndi biti imodzi yokha. Ngati msilikali watumiza kuti ovulala ali 13, biti imodziyo n'kupotoka m'njira, kuchipatala adzakonzekera anthu asanu, ndipo asanu ndi atatu adzasowa malo m'galimoto. Wolandirayo sadzakayika konse, pakuti 5 ndi nambala yooneka bwinobwino.

Ine ndemwe zinandionekerapo, ngakhale panalibe nkhondo. Mkulu wa sukulu ina ya kumudzi anandiimbira foni kupempha timabuku ta aphunzitsi totsagana ndi maphunziro ano. Foni inali kudukaduka, komabe tinalonjerana, tinafunsana za mvula ndi za kunyumba, zonse zinamveka. Pofika pa chiwerengero iwo anati fifite, ine ndinamva fifitini. Ndinatumiza 15, ndipo aphunzitsi a masukulu oyandikana nao, amene iwo anawalonjeza, anadikira mwezi wathunthu. Mwa mau onse amene tinalankhula tsiku limenelo, liu limodzi lokhalo ndilo linalibe mnzake wolichirikiza, ndipo ndi lomwelo linali lofunika.

Chifukwa cha ichi akatswiri sayesa njira ya data ndi khutu. Amatumiza mabiti ambirimbiri amene akuwadziwa kale, mwina miliyoni, n'kuwerenga amene afika olakwika. Pa njira ya kwera ndi tsika, ngakhale biti imodzi pa 100 iliyonse ilakwike, anthu amamvanabe, kungoti mau amakhala ndi mchenga pang'ono. Tiyeni tione chimene chiwerengero chomwecho chingachite ku uthenga wolembedwa. Chilembo chimodzi chimadya mabiti 8. Uthenga wa zilembo 200, umene ndi waufupi ndithu, uli ndi mabiti 1,600. Ngati imodzi pa 100 ilakwika, zolakwa zikhala zingati? Zikhala 16, m'kauthenga kamodzi. N'chifukwa chake pa data kawirikawiri amafuna kuti cholakwa chisapitirire chimodzi pa mabiti 100,000, ndipo pena amafuna zoposa apo. Njira imodzi yomweyo ingakhale yabwino kwa mau, koma yosathandiza konse kwa manambala, ndipo mkulu wa asilikali amene anganene kuti "ndamva bwino, tumizani mapu" angakhale akudzinyenga.

Mankhwala ake alipo, ndipo akale kwambiri mwa iwo mungawamve m'nsanja ya pa bwalo lathu lija. Kumeneko satchula fifitini kapena fifite. Nambala iliyonse amaitchula payokhapayokha, wani kenaka faifi, kapena faifi kenaka ziro, ndipo woyendetsa ndege ayenera kubwereza zimene wauzidwa kuti wa m'nsanja atsimikize. Zilembo nazo zili ndi maina aatali amene maiko anagwirizana mu 1956: A ndi Alfa, B ndi Bravo, Z ndi Zulu. Chizindikiro cha bwalo lathu, FLKK, chimatchulidwa Foxtrot Lima Kilo Kilo. Lima ameneyu si wa khasu ai, ndi mzinda waukulu wa dziko la Peru. Mwaona chimene akuchita? Akupatsa chilembo chosauka chija anzake oti achichitire umboni.

Makina amachita chimodzimodzi, ndipo apa ndi pamene tifuna tizitsekerero tija. Yalani 25 pa tebulo, mizere isanu ya tisanutisanu. Kogadama kakhale 1, kovundikira kakhale 0, ndipo ana ayale monga afunira. Umenewo ndiwo uthenga. Tsopano aphunzitsi onjezani kachitsekerero kachisanu ndi chimodzi kumapeto kwa mzere uliwonse wopingasa, ndipo mukaike mogadama kapena movundikira, malinga togadama ta mumzeremo tikhale nambala yogawika ndi 2 popanda chotsala. Chitani chomwecho pansi pa mzere uliwonse wotsika, kuphatikizapo wachisanu ndi chimodzi uja. Mwaonjezera 11, ndipo tonse takwana 36. Toonjezerato titche alonda. Fulatirani, mwana mmodzi atembenuze kamodzi kokha kalikonse. Mukacheuka, werengani togadama mzere ndi mzere. Mudzapeza mzere umodzi wopingasa umene nambala yake siikugawika ndi 2, ndi umodzinso wotsika, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene pali kotembenuzidwako. Ana adzayesa matsenga. Musafulumire kuwaululira, alekeni apeze okha. Akapeza, auzeni atembenuze tiwiri nthawi imodzi, ndipo adzaona kuti alonda akudziwabe kuti pali cholakwa, koma sakuthanso kuloza malo ake motsimikiza. Zikatero makina olandira amangopempha kuti uthengawo utumizidwenso.

Munthu amene anaika nzeru yotere m'masamu oyenera ndi Richard Hamming, wa ku Bell Laboratories komweko, mu 1950. Anatopa ndi kompyuta imene inali kuima ikapeza cholakwa, nalingalira kuti makina odziwa kuti alakwa ayenera kudziwanso kukonza. Koma zindikirani mtengo wake. Pa tizitsekerero 36, tonyamula uthenga ndi 25 tokha. Alonda naonso amadya malo pa kanjira ka mbuzi kaja, ndipo kubwereza uthenga kumadya nthawi. Wofuna uthenga wosalakwika ayenera kuvomera kuti ufike mochedwerapo, ndipo ntchito ya katswiri ndiyo kuyeza kuti pa njira yakutiyakuti alonda angati akwanira, ndi liwiro lotani limene modemu ingapirire.

Mankhwala oposa onse, kumene kuli kotheka, ndiwo kuleka kuvala manambala chovala cha mau. Ngati njira ikunyamula kale ma 0 ndi ma 1, mabiti a kompyuta alowe mwachindunji, alambalale makina a mau aja, osasanduka mluzu konse. Mawailesi a asilikali a masiku ano amamangidwa ndi makomo awiri, la mau ndi la data, ndipo foni ya m'manja nayo ili chomwecho. Uthenga wolemba, umene unayamba kutumizidwa pa mafoni mu 1992, sudutsa m'khosi lopanga lija, ndiponso ndalama zimene amalume anu amatumiza pa foni kuchokera ku Kitwe sizidutsamo. Zimayenda ngati manambala, ndi alonda ao. N'chifukwa chake nthawi zina pamalo pamene mau akudukaduka, uthenga wolemba umafikabe wathunthu, ngakhale uchedwe.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Ana aime m'mizere iwiri ya anthu khumikhumi pabwalo la sukulu. Mzere woyamba unong'onezane chiganizo cha mau asanu ndi limodzi, wachiwiri unong'onezane nambala ya malo asanu ndi limodzi, monga 407315, aliyense kunena kamodzi kokha. Lembani zimene zatuluka kumapeto. Bwerezani ndi chiganizo china ndi nambala ina, koma tsopano wolandira aliyense abwereze zimene wamva asanapatsire mnzake, monga amachitira woyendetsa ndege. Mwana mmodzi awerenge masekondi pa ulendo uliwonse, kuti muone nthawi imene kubwerezako kwadya. Chitani katatu, ndipo zotsatira zake muzilembe pa bolodi kuti ana azifananitse okha. Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana.